Cilankhulo Cimene Anthu Amva: Kuunika Malamulo a 1997 Ofunsira Anthu pa Zitukuko m'Zambia

1. Mau Oyamba

Malamulo ambiri amene amalowa m'moyo wa munthu wamba sacokera mwacindunji ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu amakhazikitsa lamulo lalikulu, ndipo m'lamulomo amapatsa nduna kapena bungwe la boma mphamvu yolemba malamulo aang'ono ndi yogamula nkhani imodziimodzi: ngati mgodi ukumbidwe pamalo akutiakuti, ngati damu limangidwe pamtsinje wakuti, ngati mtengo wa magetsi ukwere. Akuluakulu a mabungwe otere sitiwasankha pa cisankho, ndiponso sitingawacotse ndi voti. N'cifukwa cake maiko ambiri anakhazikitsa zakuti bungwe lisanagamule liyambe lamva anthu amene cigamuloco cidzawagwera. Msonkhano wa maiko wa ku Rio de Janeiro mu 1992 unaika ganizo lomweli m'cikalata cake monga mfundo ya 10, yakuti nkhani za cilengedwe zimayenda bwino pamene nzika zonse zokhudzidwa zitengako mbali.

Akatswiri a malamulo analembapo zambiri pa nkhaniyi. Ife tiiona ndi maso a wophunzira cilankhulo. Titenga malamulo amene boma la Zambia linatulutsa mu 1997 okhudza kuunika zitukuko zisanayambe, ndipo tiwawerenga monga momwe timawerengera colembedwa cina ciliconse, pofunsa kuti: ndani alankhula, alankhula kwa yani, m'cilankhulo citi, ndipo ndani ali ndi udindo woyankha? Tidzaonetsa kuti malamulowa anapatsa cilankhulo ca anthu nchito imodzi yokha, yakuti anthu auzidwe zimene zilinkudza, pamene nchito ya kutsutsa, ya kusunga umboni ndi ya kugamula anaisiya m'manja mwa Cingerezi.

2. Zimene Malamulowo Ananena

Mu 1990 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza cilengedwe, ndipo m'lamulomo munabadwa bungwe la Environmental Council of Zambia. Malamulo aang'ono amene tikuunika anatuluka pansi pa lamulo limeneli mu 1997, pa nambala 28. Mu 2011 lamulo latsopano linalowa m'malo mwa lija la 1990, bungwe lija n'kusanduka Zambia Environmental Management Agency, kapena ZEMA mwacidule, ndipo bungwe latsopanoli linapitiriza kugwiritsa nchito malamulo a 1997.

Njira imene malamulowa anaika ndi iyi. Mwini citukuko cacikulu, monga mgodi, damu kapena mseu waukulu, ayenera kukonza lipoti lofotokoza zimene nchito yake idzacita ku nthaka, madzi, mitengo, nyama ndi anthu. Ndime ya 10 inalamula kuti pokonza lipotilo iye alengeze za citukukoco, zotsatira zake ndi ubwino wake, kudzera m'zofalitsira nkhani, m'cilankhulo cimene anthu a kumaloko amva, kwa masiku osacepera 15. Masikuwo akatha acite misonkhano ndi anthu okhudzidwawo kuti awafotokozere ndi kumva maganizo ao. Lipoti likafika ku bungwe, bungwelo liyenera kuika makope ake m'nyumba za boma zoyandikana ndi malowo, ndi kulengeza m'nyuzipepala za dziko zosacepera ziwiri, katatu pa sabata kwa masabata awiri otsatizana, ndiponso pa wailesi ya dziko, kumene anthu angakawerenge lipotilo ndi mmene angatumizire maganizo ao. Bungwe lingathenso kuitanitsa msonkhano wapoyera. Pomaliza limalembera mwini citukuko kalata yomuloleza, yomukaniza, kapena yomuloleza pa zifukwa zina zimene ayenera kusunga.

Olemba ndime ya 10 tiyenera kuwayamikira. M'dziko limene malamulo ake onse amalembedwa m'Cingerezi, iwo anavomera poyera kuti Cingerezi cokha sicikwanira. Koma tikatsata njira yonseyi kucokera poyambira mpaka pothera, tiona kuti cilankhulo ca anthu cionekera pa khomo, kenaka n'kuzimiririka. Pa lipoti lenilenilo ndi pa kalata ya cigamulo malamulowo sanaike lamulo lotere. Nyuzipepala za dziko, monga Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail, zimalembedwa m'Cingerezi. Manyuzipepala a boma a m'zilankhulo zathu, monga Tsopano ya Cinyanja, Imbila ya Cibemba ndi Liseli ya Cilozi, sakanatha kunyamula cilengezo katatu pa sabata, popeza sanali kutuluka kawirikawiri motero. M'zaka za pambuyo pake ZEMA inayamba kufuna kuti lipoti likhale ndi cidule cosavuta m'Cingerezi ndi m'cilankhulo ca kumaloko. Limeneli linali phazi labwino, koma cidule cimalembedwa ndi mwini lipoti, ndipo ndi iye amene amasankha zolowamo ndi zosiya.

3. Kuuza, Kumva ndi Kukambirana

Cinyanja cili ndi njira yake yoonetsera ngati nchito icokera mbali imodzi kapena mbali zonse ziwiri. Mneni akalandira kachigawo ka -idw- kapena -edw-, munthu amene tikumunena amangolandira nchitoyo: kuuzidwa, kufunsidwa, kudziwitsidwa. Mneni akalandira -an-, nchitoyo imapita uku ndi kubwerera: kufunsana, kumvana, kukambirana, kutsutsana. Munthu mmodzi sangakambirane yekha. Liu lakuti kukambirana linanyamula kale m'thupi mwake anthu awiri amene aliyense ali ndi mphamvu yobweza mau.

Tikamasulira ndime ya 10 m'Cinyanja mosamala, aneni amene atuluka ndi awa: mwini citukuko alengeza, afotokoza, atola maganizo, anthu auzidwa, afotokozeredwa, afunsidwa. Palibe pamene -an- akuloweramo mwacibadwa. Komabe pamisonkhano yotere ndi pa mawailesi, liu limene timamva kawirikawiri ndi lakuti kukambirana. Apa womasulira amalonjeza anthu cinthu cimene lamulo silinalonjeze. Munthu wa ku Katete kapena ku Petauke akaitanidwa kuti adzakambirane, amabwera ndi cikhulupiriro cakuti mau ake angasinthe nkhaniyo, ndipo akadzaona zimakina zikugwetsa mitengo popanda wina womuuza kumene mau ake anathera, amadziwa kuti ananyengedwa, ngakhale kuti palibe ndime ya lamulo imene inathyoledwa.

Vuto lina lili pa mneni wakuti kumva. Mneni ameneyu amasenza matanthauzo angapo: kulandira phokoso ndi khutu, kuzindikira tanthauzo, kumvera wamkulu, ndi kuzindikira fungo kapena ululu. Anthu akati "tamva" pamapeto pa msonkhano, mauwo angatanthauze kuti uthenga wafika, kapena kuti tazindikira, kapena kuti sitifuna kukangana ndi alendo pamaso pa mfumu. Satanthauza kuti tavomera. Nkhalamba imene yanena kuti "tamva, tikaganizire" yatsegula khomo lokanira mwaulemu. Mlembi wosadziwa mwambo umenewu, kapena wodziwa koma wofulumira, akalemba m'Cingerezi kuti anthu analandira citukuko, ndiye kuti wasandutsa ulemu kukhala cilolezo.

Liu lakuti ndemanga nalonso liyenera kuunikidwa, popeza ndi limene ambiri amagwiritsa nchito pomasulira liu la Cingerezi lakuti comment. M'kalankhulidwe kathu ndemanga ndi mau oonjezera pa nkhani imene mwini wake watha kuinena. Ndemanga siifuna yankho, ndipo woilandira angathe kungogwedeza mutu. Koma zimene anthu amabwera nazo pa msonkhano wa mgodi si ndemanga zokha. Ena amabwera ndi dandaulo, ena ndi umboni, monga wakuti citsime cakuti siciphwa ngakhale m'cilimwe, ena ndi pempho, ena ndi kukana kwenikweni. Ciliconse ca izi cimafuna yankho la mtundu wake. Dandaulo limafuna kuweruzidwa, umboni umafuna kuvomerezedwa kapena kutsutsidwa ndi umboni wina, pempho limafuna inde kapena iai. Kuziika zonsezi m'dengu limodzi lochedwa ndemanga ndiko kuzilanda mphamvu yofuna yankho.

4. Cilankhulo Citi, Comveka kwa Yani?

Kalembera wa mu 2010 anapeza kuti anthu amene Cingerezi cinali cilankhulo cao cacikulu ca tsiku ndi tsiku anali 1.7 pa anthu 100 alionse, pamene a Cibemba anali 33.5, a Cinyanja 14.8, ndipo a Citonga 11.4. Ambiri amadziwako Cingerezi ca kusukulu, koma kudziwa kulemba kalata yofunsira nchito n'kosiyana ndi kuwerenga masamba mazanamazana onena za madzi a pansi pa nthaka ndi zinyalala za mgodi. Akatswiri monga Mubanga Kashoki, kuyambira pa kafukufuku amene anatuluka mu 1978 m'buku la Language in Zambia, anaonetsa kale kuti Mzambia wamba amayenda ndi zilankhulo zingapo, ndipo ciliconse cili ndi malo ake.

Mfundo imeneyi imavutitsa mau a ndime ya 10. Boma linasankha zilankhulo 7 zogwiritsa nchito m'masukulu ndi pa wailesi: Cibemba, Cinyanja, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. N'zosavuta kwa mwini citukuko kutenga cimodzi mwa izi ndi kunena kuti lamulo lakwaniritsidwa. Koma munthu angathe kumva cilankhulo cimene sangathe kutsutsiramo. Kumva kumafuna khutu. Kutsutsa pagulu kumafuna miyambi, maina a malo, maina a mitengo ndi nsomba, ndi kulimba mtima kumene munthu amakhala nako m'cilankhulo ca amai ake.

Nkhani ya mgodi wa Kangaluwi itithandiza kuona kukula kwa vutoli. Kampani ya Mwembeshi Resources inafuna kukumba mkuwa m'kati mwa nkhalango ya nyama ya Lower Zambezi, imene inakhazikitsidwa mu 1983 ndipo ili moyang'anana ndi nkhalango ya Mana Pools ya ku Zimbabwe, kutsidya kwa mtsinje wa Zambezi. Anthu okhala mozungulira nkhalangoyi amalankhula Cinsenga, Cikunda, Cisoli ndi Cigoba, ngakhale kuti cilankhulo ca boma ca m'cigawoco ndi Cinyanja. Ena anaufuna mgodiwo poyembekeza nchito, ena anaukana poopera madzi, nyama ndi nchito za alendo odzaona malo. Mu Seputembala 2012 ZEMA inakana lipoti la kampaniyo. Mu Januwale 2014 nduna yoona za malo ndi cilengedwe, a Harry Kalaba, anagwetsa cigamuloco ndi kuloleza mgodi. Mabungwe oteteza cilengedwe anakadandaula ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Okutobala 2019 khotilo linataya mlanduwo pa zifukwa za kayendetsedwe ka mapepala, losafika pa mutu weniweni wa dandaulo. Khoti la Apilo linakananso mu Febuluwale 2021. Mu Meyi 2021 ZEMA inapereka cilolezo. Mu Meyi 2023 inaimitsa nchito ponena kuti kampaniyo sinasunge zimene inalamulidwa. Mu Ogasiti 2023 inafafaniza cilolezoco.

Sitikuweruza pano ngati mgodiwo unali wabwino kapena woipa. Cimene tikuona n'cakuti m'zaka 11 nkhaniyi inasintha manja kangapo, ndipo malo onse amene inagamulidwira, ku bungwe, kwa nduna ndi ku makhoti, ndi malo amene nchito zao zimayenda m'Cingerezi, monga mwa lamulo la dziko. Amene anatha kuitsata mpaka kumapeto anali makampani, maloya ndi mabungwe okhala ndi antchito ophunzira. Mlimi wa ku Luangwa, kaya anaufuna mgodi kaya anaukana, anali ndi khomo limodzi lokha lolowera m'cilankhulo comveka kwa iye, ndilo khomo loyamba lija.

5. Womasulira ndi Mlembi

Pakati pa mau a munthu pansi pa mtengo ndi tebulo la bungwe mu Lusaka pali anthu awiri amene malamulo a 1997 sanawasamale mokwanira: womasulira ndi mlembi. Misonkhano ya ndime ya 10 imaitanidwa ndi mwini citukuko, ndipo akatswiri okonza lipoti amalipidwa ndi iye. Motero amene akupempha cilolezo ndi yemweyo amene akusunga mau a omutsutsa. Sitikunena kuti akatswiriwo ndi abodza. Tikunena kuti kakonzedwe kameneka kamaika munthu wokhulupirika pa mayesero, ndipo wosakhulupirika kamamupatsa mpata.

Ngakhale mlembi akhale woona mtima, maonekedwe a colembedwa cake amasintha mau. Malipoti otere nthawi zambiri amaika zokambidwa m'mizere iwiri, wina wa mafunso ndi wina wa mayankho. Koma m'Cinyanja funso silikhala funso nthawi zonse. Tiyerekeze kuti mai wina waimirira n'kunena kuti, "Nanga ife tizikatunga kuti madzi?" Pa maonekedwe ili ndi funso, koma pa nchito yake ndi kutsutsa, mai ameneyu akunena kuti citukuko cimene cilanda mtsinje iye sakucifuna. Mlembi akaliika mu mzere wa mafunso, ndipo mu mzere wina n'kulemba kuti kampani idzakumba mijigo, wowerenga wa mu Lusaka aona nkhani yotha bwino. Tiyerekezenso kuti mkulu wina wanena kuti, "Kuphiriko kuli makolo athu." Mau awa akhoza kulembedwa monga nkhani ya manda oti asamutsidwe ndi kulipiridwa, pamene wolankhulayo amanena za malo amene anthu amakapemphako mvula, omwe sangasamutsidwe ndi ndalama.

Pali zina zimene sizilowa n'komwe m'colembedwa. Kung'ung'udza kwa gulu, kuombera m'manja wina ndi kusaombera wina, mwambi umene aliyense wauzindikira kupatula alendo, ndi cete wa akazi pamene amuna a kwa mfumu ali pomwepo, zonsezi ndi mbali ya uthenga. Zikatsala pansi pa mtengo, cimene cimafika ku bungwe ndi mndandanda wa maina a opezekapo, ndipo mndandandawo umayamba kugwira nchito ya umboni wakuti anthu anatengako mbali.

6. Udindo Woyankha

J. L. Austin, m'buku lake la mu 1962 lonena za mmene mau amacitira zinthu, anaonetsa kuti cenjezo silikhala cenjezo lathunthu mpaka womvera alilandire monga cenjezo. Emanuel Schegloff ndi Harvey Sacks mu 1973 anafotokoza za mau oyenda awiriawiri, monga moni ndi kubweza kwake, kumene gawo loyamba limaitana laciwiri. Ife tonse timadziwa izi popanda buku. Munthu akati "odi" pakhomo, eninyumba n'kukhala cete, cetewo ndi yankho, ndipo ndi yankho lonyoza. Maganizo operekedwa ku bungwe ndi gawo loyamba la mau otere. Funso ndi lakuti gawo laciwiri lili kuti. Kuti tione mmene gawolo lingaonekere, tiyang'ane maiko awiri amene makhoti ao anakumana ndi funso lomweli.

Ku United States lamulo la mu 1946 loyendetsera mabungwe a boma linafuna zinthu zitatu: bungwe lilengeze lamulo limene likufuna kukhazikitsa, lipatse anthu mpata wolemba maganizo ao, ndipo potulutsa lamulo lomaliza lifotokoze maziko ndi colinga cake. Makhoti anakulitsa cinthu cacitatuci kukhala udindo woyankha mfundo zazikulu zimene anthu apereka. Mu 1977 khoti la apilo linaweruza mlandu wa kampani yowamba nsomba ya Nova Scotia Food Products. Bungwe loona za zakudya ndi mankhwala linali litalamula kutentha ndi kuculuka kwa mcere kofunika powamba nsomba, pofuna kupewa poizoni woopsa. Owamba anali atacenjeza kuti kutentha kotero kuononga mtundu wina wa nsomba kotheratu. Bungwe silinayankhe cenjezolo, ndiponso silinaonetse anthu kafukufuku amene linadalira. Khoti linati lamulolo silingagwire nchito pa nsomba za mtunduwo. Bungwe silinakakamizidwe kuvomera mau a owamba nsomba, linalakwa posawayankha.

Dziko lomwelo likutiphunzitsanso kuopsa kwa kuwerenga mitu. Mu 2017 bungwe la Federal Communications Commission linalandira maganizo oposa 22 miliyoni pa malamulo a intaneti. Mu Meyi 2021 ofesi ya loya wamkulu wa boma la New York inapeza kuti pafupifupi 18 miliyoni mwa amenewa anali acinyengo. Oposa 8.5 miliyoni anacokera ku nchito yolipiridwa ndi makampani a intaneti, imene inagwiritsa nchito maina a anthu enieni iwo osadziwa, ndipo 7.7 miliyoni analembedwa ndi wophunzira mmodzi wa zaka 19 pogwiritsa nchito kompyuta. Kuculuka kwa maina, kaya pa intaneti kaya pa pepala loyendetsedwa pa msonkhano wa kumudzi, sikutsimikiza kuti mau a munthu anamveka.

Ku South Africa funsoli linakhudza cilankhulo mwacindunji. Boma linapereka mu 2014 cilolezo cofufuza mafuta m'nyanja ya kufupi ndi gombe la Wild Coast, ndipo pambuyo pake kampani ya Shell inalowa m'nchitoyo. Asodzi ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja anapita ku khoti. Pa 1 Seputembala 2022 Khoti Lalikulu la ku Makhanda linagwetsa cilolezoco. Mwa zifukwa zake linati zilengezo zinaikidwa m'manyuzipepala a Cingerezi ndi a Ciafrikaans pamene anthuwo amalankhula Cixhosa, ndiponso kuti kulankhula ndi mafumu akuluakulu okha sikufanana ndi kufunsa anthu. Mu 2024 khoti la apilo la dzikolo linavomereza kuti anthu sanafunsidwe moyenera, ngakhale kuti linasiyira makampaniwo njira yokonzera colakwaco. Wina anganene kuti ndime yathu ya 10 ikanapewa colakwa cotere, ndipo pa cilengezo coyamba zimenezo n'zoona. Koma ndimeyo imathera pomwepo. Kalata ya cigamulo imapita kwa mwini citukuko, ndipo munthu amene analankhula pa msonkhano alibe cikalata m'cilankhulo cake comuuza kuti mfundo yake inaganiziridwa ndi kukanidwa pa cifukwa cakuti.

7. Cimene Bwalo Lingatiphunzitse

Udindo woyankha si cinthu cacilendo kwa ife. Pa bwalo la milandu la kumudzi, wodandaula amalankhula, woimbidwa mlandu amayankha, mboni ndi ankhoswe amanena zao, nduna zimafunsa. Asanagamule, woweruza amaomba mkota: amabwereza zimene mbali iliyonse yanena, pamaso pa onse, m'cilankhulo ca onse. Akapotoza mau a wina, mwini wake ali pomwepo kuti aongole. Kubwereza kumeneku ndiko cisonyezo cakuti mau afika, ndipo n'cifukwa cake munthu wogonja pa mlandu angathe kubwerera kwao wokwiya koma wosanyozeka.

Sitiyenera kulikometsera bwalo mopitirira. Pa mabwalo ambiri mau a mkazi, a wacinyamata ndi a wobwera salemera monga a mwini mbumba, ndipo pali mafumu amene anapereka malo a anthu ao osawafunsa. Khoti la ku Makhanda linanena zoona kuti mfumu siingalowe m'malo mwa anthu ake onse. Cimene tikutenga ku bwalo ndi kacitidwe kamodzi kokha, kakuti wogamula abwereze mau a olankhula iwo akumva, ndipo apereke cifukwa cake kwa iwo eni. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga silisenzeka ngati ena aligwira pamene wina yekha ndiye adziwa kumene likupita.

8. Mau Omaliza

Malamulo aakulu a dziko, monga momwe anakonzedwera mu 2016, amanena pa ndime ya 258 kuti Cingerezi ndico cilankhulo ca boma, koma amalola kuti cilankhulo cina cigwiritsidwe nchito pa maphunziro, pa kupanga malamulo, pa kayendetsedwe ka boma ndi m'makhoti monga lamulo lingakonzere. Ndime ya 255 imaika kutengako mbali kwa anthu pakati pa mfundo zoyendetsera cilengedwe. Mu Disembala 2023 dziko linalandiranso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza zikalata za boma. Conco khomo n'lotseguka, ndipo cotsala ndi kulemba zinthu zocepa zimene malamulo a 1997 anasiya.

Coyamba, mau a anthu asungidwe m'cilankhulo cimene ananenedwera, kumasulira kwake kuli pambali, kuti wina aliyense wodziwa zilankhulo ziwirizo athe kuyerekeza. Caciwiri, zolembedwazo ziwerengedwe mokweza msonkhano usanabalalike, kuti eni mau aongole. Cacitatu, womasulira ndi mlembi asankhidwe ndi bungwe logamula, osati ndi wopempha cilolezo. Cacinai, cigamulo ca bungwe, ngakhale ca nduna pa apilo, cichule mfundo zazikulu zimene anthu anapereka ndi yankho la iliyonse, ndipo cilembedwe ndi kuwerengedwa m'cilankhulo ca kumaloko, pa malo omwewo amene msonkhano unacitikira ndi pa mawailesi a m'madera. Mtengo wa zinthu zinai izi ndi wocepa kwambiri poyerekeza ndi wa mlandu wa zaka 11.

Nchito ina igwera ife a m'madipatimenti a zilankhulo. Kalembedwe kovomerezeka ka zilankhulo 7 zija kanatuluka mu 1977, koma mau a nchito za migodi, za madzi ndi za malamulo a mabungwe sanasonkhanitsidwe mokwanira, ndipo womasulira aliyense amapeka ake ataimirira pamaso pa gulu. Mau amenewa sadzacokera m'maofesi mokha. Asodzi a ku Luangwa ali ndi maina a madzi osiyanasiyana, ndipo alimi a ku Chadiza ali ndi maina a dothi amene katswiri wa mu Lusaka sawadziwa. Tifunikanso kuphunzitsa omasulira kusiyanitsa funso lofuna kudziwa ndi funso lokana, ndiponso "tamva" wa kuzindikira ndi "tamva" wa ulemu. Bungwe likapanda womasulira wotere lidzapitiriza kulandira mau a anthu m'cilankhulo cimodzi ndi kugamula m'cina, ndipo munthu wa kumudzi adzapitiriza kudziwa cigamulo pa tsiku limene zimakina zifika m'munda mwake.